Geedi Atseketsa Chitsime ndi Pakamwa Pake

Mutu Wachisanu

1. Pamzere wa zigubu

Chaka chimenecho mvula inakana. Zitsime za kwawo kwa Geedi zinauma chimodzichimodzi, mpaka anthu anapasula nyumba zawo za mphasa n'kuzikweza pa ngamira ndi abulu, ulendo wosaka madzi.

Bambo ake a Geedi anapitirira ndi ngamira kum'mwera, kumene kunkamveka kuti mitengo idakali ndi masamba. Geedi, mnyamata wa zaka khumi ndi zisanu, anatsala ndi amayi ake, a Ibado, kamlongo kake kakhanda kotchedwa Idil, ndi mbuzi zimene zinali zisanafe.

Iwo pamodzi ndi mabanja ena a fuko lawo anamanga msasa pafupi ndi mudzi wa anthu a fuko lina. M'mudzimo munatsala chitsime chimodzi chokha, dzenje lalikulu la simenti lofoleredwa ndi malata, losunga madzi a mvula yapita. Mwini wake anali Mayi Timiro, mayi wamasiye. Mayiwo analola alendowo kumwa nawo, banja lililonse zigubu ziwiri patsiku, ndipo ankatunga okha ndi ndowa ya chingwe.

Tsiku lina Geedi analawirira, koma anapeza mzere wa zigubu utafika kale patali. Kunyumba anasiya Idil akutsegula m'mimba, madzi otsiriza atathera pa iye.

Pambali pake panaima Kooshin, mwana wa bambo ake aakulu. Kooshin anakhalako kutauni ya Burao, kumene ankakweza matumba m'malole, ndipo anabwerako ndi chipewa chopendeketsa komanso pakamwa popanda chitseko. Anyamata a pamsasa ankamulondola paliponse. Geedi ankatengera ngakhale kayendedwe kake.

Dzuwa linakwera. Mzere unkayenda ngati bilimankhwe. Geedi atatsala pang'ono kufika, Mayi Timiro anakweza dzanja n'kuitana mayi wina woyembekezera amene anali kumbuyo kwenikweni.

"Bwera kuno mwana wanga, usaime padzuwa ndi katundu ameneyo."

Atathana naye, anaitananso gogo wina woyendera ndodo.

"Waona?" Kooshin ananong'ona, koma mokweza kuti anzake amve. "Akukuyesa bulu womangirira pamtengo. Pitiriza ulemu wakowo, Idil akamwa ulemu womwewo. Kutauni mkazi sitimunyengerera, aise. Umangokuwa kamodzi, iye n'kudziwa kuti pafika mwamuna."

Geedi kukhosi kunali kouma gwa ndi ludzu, milomo itang'ambika. Anaponya chigubu pansi n'kutuluka pamzere.

"Naayaa! Iwe mkazi iwe! Ulibe maso? Ine ndaima pano chifikire m'mamawa!"

Liwu limeneli n'lokuwira kamtsikana kamene kataya mkaka, ndipo ngakhale apo makolo ambiri salifuna pakhomo pawo. Geedi analiponyera mayi wa imvi amene ankamumwetsa ulere.

Mayi Timiro anapatsira chingwe mwana wawo wamkazi, Deeqa, n'kutembenuka pang'onopang'ono.

"Kukuwomba mphepo, mwana iwe, sindinamve bwino. Wati chiyani?"

Umenewu unali mpata woti abweze mawu. Amayi ena anamukodola kuti akhale chete. Koma kumbuyo kwake Kooshin anatsokomola, anyamata n'kuyamba kusekera m'manja.

"Wamva kale," anatero Geedi. "Ndati naayaa."

Mayi Timiro sanakalipe. Anamaliza kudzaza chigubu cha gogo uja, anakoka kachitseko kachitsulo n'kukhoma loko. Kiyi anamumanga pansonga ya mpango wawo.

"A m'mudzi muno, mubwere dzuwa likapendeka," anatero. "Inu alendo, pepani. Naayaa alibe chitsime. Kapempheni madzi kwa mayi amene ana anu amamudziwa dzina."

2. Zigubu zopanda kanthu

Mbiri inafika kumsasa Geedi adakali m'njira. Amayi a pamsasa anamuchingamira, zigubu zopanda kanthu zikugundana m'manja.

"Ana anga amwa chiyani lero?" anakuwa Mayi Ruun, a nyumba yoyandikana ndi yawo. "Amwa malovu ako? Tayenda mtunda wonse uja, nkhosa zikufera m'njira, kuti iwe udzatitsekere madzi ndi kakamwa kakoko?"

Geedi anadutsa atazolika. Pakhomo la khola anapeza mbuzi ina itagona chammbali, lilime lili panja, kamwana kake kakukoka bere louma.

M'nyumba, a Ibado anali atakhala pamphasa, Idil ali pamiyendo. Maso a mwanayo anali atalowa m'kati, liwombo litabonyoka. Ankalira ndithu, koma misozi sinkatuluka.

"Madzi ali kuti?" anafunsa a Ibado osadzutsa mutu.

"Mayi aja atseka chitsime."

"Mayi aja? Tsopano asanduka mayi?"

Geedi anadziwa kuti amva kale zonse.

"Dzulo iwe uli kubusa ndinapita kukawadandaulira za mlongo wakoyu," anapitiriza a Ibado. "Anandithirira chigubu chachitatu n'kundiuza kuti ndisauze munthu. Amene wawakuwira lerowo ndi omwewo. Ine ndinakubereka, ndinakuyamwitsa, ndipo ndine mkazi ngati iwo. Kunja kuno kuli mwana wa munthu wina amene tsiku lina adzandikuwira ine chimodzimodzi pamzere. Iwe udzamudzudzula ndi pakamwa pati?"

"Amayi, linali ludzu. Ndimaganiza za Idil."

"Ludzu tili nalo tonse. Ena lawaphunzitsa kupemphera, iwe lakuphunzitsa kutukwana. M'mawere mwanga mulibe mkaka, m'ketulo mulibe madzi. Tuluka, kawaone abambo ako aakulu. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko."

3. Pansi pa mtengo wa minga

A Samatar, abambo ake aakulu a Geedi, sanapite nawo ku ngamira chifukwa cha mwendo umene unathyoka kalekale n'kupola mokhota. Geedi anawapeza pamthunzi wa mtengo wa minga akusoka nsapato ya tayala. Anali ataitanitsa kale Kooshin ndi anzake.

"Khala apo, Geedi. Iwenso Kooshin usayang'ane kumbali, nyimbo imeneyi waiphunzira kwa iwe."

Anaika nsapato pansi.

"Ine ndinayamba kuyenda ndi ngamira ndili wamng'ono kuposa nonsenu. Ndafika m'midzi yoti sindidziwamo munthu, ludzu litandigwira pakhosi. Amuna suwapeza, amakhala ali kubusa kapena kubwalo. Amene umamupeza pakhomo ndi mayi, ndipo moyo wako umapachikika pa liwu loyamba limene utulutse.

"Akakhala wa msinkhu wa amako, umati amayi. Wa imvi zambiri ndi agogo. Akakhala wachilendo, woti ngakhale fuko lake sulidziwa, umati eedo, azakhali, ndipo pomwepo wamusandutsa mlongo wa bambo ako. Angakusiye ufere pakhomo pake? Mtsikana wa msinkhu wako ndi mlongo wako, ndipo umamutcha choncho ngakhale mtima wako ukulota zina."

Mnyamata wina anamwetulira, koma a Samatar sanaseke.

"Mawu amenewa sagulidwa pamsika, ndipo salemetsa bulu. Makolo anatisiyira kuti mayi aliyense akhale ndi mpanda womutchinga, ngakhale mwamuna wake atamwalira kapena ali kutali. Munthu ukamutcha azakhali, sungathenso kumukankha pamzere. Ndani amakankha azakhali ake? N'chifukwa chake wofuna kuchita mkazi chipongwe amayamba wamuvula dzina. Amati naayaa. Amati chimkazi ichi. Amati uyu, ngati akuloza chitsa. Dzanja limabwera pambuyo, ana inu, pakamwa ndi pamene pamatsogola.

"Mayi Timiro si a fuko lathu. Akanatha kutiyang'ana tikufa ndipo palibe akanawaimba mlandu. Ife pano ndife alendo, tikumwa chifundo cha munthu. Paja amati nkhuyu zodya mwana zipota wamkulu. Taona, wadya ndiwe, koma msasa wonse ukubuula."

Kooshin anaimirira. "Bambo, madzi ndi a Mulungu. Loko uja ndi kanthu kongofanana ndi chala changachi. Ine ndili ndi chitsulo chija chochotsera matayala. Tidikire chiyani ana akufa?"

"Thyola lokoyo," anayankha a Samatar, "ndipo amuna a m'mudzimo akabwerako ku ngamira adzatunga magazi athu ndi ndowa yomweyo."

Kooshin anakonza chipewa chake. "Geedi, dzuwa likapendeka ife tikupita. Ngati uli mwamuna, utipeza. Ngati uli mkazi, pita ukagwade."

Ananyamuka, anyamata aja n'kumulondola.

"Wamumva?" anatero a Samatar akupukusa mutu. "Akafuna kunyoza mnzake amati mkazi, ngati iyeyo anatuluka m'chulu. Mwana wanga yemwe ameneyo, ndipo manyazi ake ndi anga."

Kenako anayang'ana Geedi.

"Mwendo wangawu sungandifikitse kumudzi msanga, komanso wotukwana si ine. Mwambo umati wonyoza mayi apereke chipepeso. Uli ndi mbuzi yako ija, imene bambo ako anakupatsa tsiku limene unadulidwa mchombo. Sindikukakamiza. Njira zilipo ziwiri, miyendo ndi yako."

4. Pampanda wa Mayi Timiro

Geedi analowa m'khola. Mbuziyo inali itakalamba, ana ake onse atafera m'njira, ndipo chuma chake cha Geedi padziko lapansi chinali chomwecho. Anaimanga chingwe m'khosi. Itayenda pang'ono inagwada, ndipo anainyamula paphewa. Mchenga unkaotcha mapazi kudzera m'nsapato.

Mayi Timiro anawapeza pamthunzi wa nyumba yawo akupeta mapira, Deeqa ali pambali. Geedi anaima kunja kwa mpanda wa minga.

"Mtendere ukhale nanu, eedo."

Lichero linangopitiriza kulira.

"Eedo, ndabwera."

"Deeqa," anatero Mayi Timiro, "kodi kwabwera mwana wa mchimwene wanga? Ine ndikungoona mnyamata wa m'mawa uja."

Geedi anatsitsa mbuzi n'kunyonyomala pafumbi. "Ndinalakwa, eedo. Ndabwera ndi chipepeso."

Mayi Timiro anaiyang'ana mbuziyo, nthiti zonse zikuwerengeka.

"Imeneyo ndiidyetse chiyani, ndiimwetse chiyani? Ubwerera nayo. Tamvera kuno, mwana wa Ibado. Chimwalirire amuna anga, liwu limenelo ndalimva kambirimbiri. Alamu anga analinena pofuna kundilanda chitsime. Oyendetsa malole amalinena akafuna madzi othira m'injini. Amuna anga ali moyo ndinali Mayi Timiro, aliyense ankaimirira ndikamadutsa. Atangoikidwa m'manda, ena anayesa kuti dzina langa alikwirira pomwepo.

"Onsewo ndinawapirira, chifukwa sindinkawamwetsa. Koma iwe, madzi anga ali m'mimba mwako, n'kundikuwira pamaso pa mwana wanga wamkazi? Ndikanakhala chete, Deeqa akanaphunzira chiyani? Akanaphunzira kuti mkazi amatungira anthu madzi, iwo n'kumamuitana ngati galu. Ndiye mawa mwamuna wake akadzamukuwira, adzati ndi mmene dziko lilili, amayi anganso ankangowerama."

Geedi anayamba kuchonderera.

"Eedo, ine musandipatse ngakhale dontho. Mundimane mpaka mvula idzabwere. Koma Idil sakutulutsanso misozi. Amayi alibe mkaka. Chonde, eedo, mwanayo safika mawa."

Lichero linaima.

"Khanda silinanditukwane," anatero Mayi Timiro. "Deeqa, tenga ketulo yathu ya madzi owiritsa ija, uthiremo shuga ndi kamchere pang'ono, uthamange nayo kwa Ibado. Umuuze azimumwetsa pang'onopang'ono, asaleke ngakhale asanze."

Deeqa anatuluka ndi liwiro. Geedi anafuna kuthokoza, koma mayiwo anakweza dzanja.

"Usafulumire. Chitsime sindingatsegulire msasa wanu chifukwa cha pepani wa kuseri kwa mpanda. Unanditukwana pagulu, n'kubwerezanso. Pepani wako akamveke pamalo omwewo, pamaso pa onse amene amaseka aja. Ngati sungathe, nyamula mbuzi yako uzipita."

5. Dzuwa litapendeka

Madzulo pachitsime panadzaza. A m'mudzi anabwera monga anauzidwira. Alendo nawonso anabwera, opanda chilolezo, atangonyamula zigubu ndi ana olira, chifukwa kunalibe kwina kopita.

Kooshin ndi anzake anaima pambali, chitsulo chitakulungidwa m'nsalu. Ataona Geedi anamukodola.

"Tiye, mphwanga. Iwe ukamukankhe mayiyo, ife tithana ndi loko."

Geedi anawadutsa.

"Taonani mkazi wa mbuzi!" anakuwa Kooshin. Anyamata anaseka, koma kuseka kwake kunali kowuma.

Geedi anakwera pakhoma la simenti. Maso onse anali pa iye. Anatsegula pakamwa, koma munangotuluka mpweya.

"Kweza mawu!" anakuwa Mayi Ruun. "M'mawa uja unali nawo!"

Geedi anakweza mawu.

"Amayi anga, azakhali anga, agogo, ndi inu alongo anga. M'mawa uja ndinawakuwira Mayi Timiro ndi liwu loipa. Anandipatsa mpata woti ndibweze, ine n'kulibwereza. Palibe anandituma, pakamwa ndi panga. Awa ndi azakhali anga, atimwetsa ife alendo osatifunsa fuko. Ndikupepesa kwa iwo, ndikupepesa kwa mlongo wanga Deeqa, ndi kwa inu nonse amene ana anu aswera ndi ludzu chifukwa cha ine."

Mwana wina anakhosomola kumsana kwa mayi ake.

Mayi Timiro anayamba kumasula mfundo ya mpango wawo. Zala zawo sizinafulumire.

"Tsika apo, eedo, ungagwe," anatero.

Amayi anapumira m'mwamba onse pamodzi. Kwawoko azakhali akamulandira mwana, amamubwezera dzina lomwe iye amawaitanira. Loko anatseguka. Anzake a Kooshin anasuzumirana, n'kuyamba kuzemba mmodzimmodzi kukatenga zigubu za kwawo. Kooshin anatsala yekha ndi chitsulo chake, ndipo pamapeto pake anachibisa kumsana n'kubwerera kumsasa.

Deeqa anafika akupuma wefuwefu, ketulo ili m'manja. "Wamwa," anauza Geedi. "Poyamba anasanza, koma kenako zakhala. Amayi ako akuti madzi ena afike msanga."

Geedi anakhala pansi pomwepo, nkhope ili m'manja.

"Dzuka," anatero Mayi Timiro. "Kulira udzalira mvula ikadzabwera. Bwera undithandize, mikono yanga yatopa."

Anamupatsa chingwe. Geedi anawerama pakachitseko n'kuponya ndowa. Chingwe chinatsika, chinatsikabe, mpaka ndowa inagunda pansi kuti phu. Ataikoka inabwera ndi madzi osafika pakati, ofiira ndi matope.

Anasuzumira m'kati. Maso atazolowera mdima, anaona simenti ya pansi ili poyera, itauma mbali yonse ya kum'mawa. Madzi anangotsala pangodya imodzi.

Mayi Timiro anamugwira dzanja mwamphamvu.

"Usasinthe nkhope," ananong'ona. "Anthuwa akadziwa apondana pano, ndipo oyembekezera ndi okalamba sapeza kanthu. Amuna athu onse ali ku ngamira. Kutauni kuli mayi wina, mwini lole yonyamula madzi. Amenewo samva za fuko, samva zoopsezedwa, ndipo amuna angapo anabwerako chimanjamanja chifukwa cha kalankhulidwe. Kapereke madzi kwa amako, uone mlongo wako, usoketse nsapato zako kwa a Samatar. Mawa kukamacha ukhale uli pamsewu, ukawapemphe mayiwo atibweretsere madzi."

"Eedo, ine kutauni sindinapiteko chibadwire."

"Ngakhale kupepesa pagulu unali usanachitepo chibadwire. Ponya ndowa, anthu akukuyang'ana."

Geedi anatembenuka. Mzere wa zigubu unali utakhota mpaka kuseri kwa nyumba zomaliza za mudzi, ndipo Mayi Ruun, amene anali kutsogolo, anali atatsegula kale chigubu chawo.

"Yandikirani, amayi," anatero Geedi, akuyesetsa kumwetulira.

Anaponyanso ndowa, ndipo anaimva ikukhula simenti.